Mayi Pisapisa ndi Ana a Ndalama

Mukamva mkuwo pamzere wathu wa zovala mumsika, musathamange ndi ndowa poganiza kuti kwabuka moto. Amakhala ali Mayi Pisapisa, apeza khobidi m'thumba la jekete.

Ine ndimagulitsa nsapato, iwo amagulitsa majekete ndi makhoti a kaunjika, ndipo mabenchi athu ndi ogundana. Takhala moyandikana chonchi kuyambira ana athu ali kumsana, pano ena amera ndevu, ena ali pabanja. Dzina lawo lenileni lilipo, koma ngakhale wodulitsa ziphaso za msika salidziwa. Onse amangoti Mayi Pisapisa, chifukwa belo likangodulidwa mawaya, enafe timathamangira kuona makolala ndi zipi, pomwe iwo dzanja lili kale m'thumba. Lakumanja, lakumanzere, lam'kati, mpaka kathumba kobisika kaja ka pachifuwa. Amuna awo amakonda kunena kuti m'tauni monse muno mkazi wawo ndi yekhayo wopisa m'matumba amene apolisi amamupatsa moni.

Anakulira m'nyumba za ogwira ntchito kunjanji, komwe bambo awo anali mlonda wa pageti. Kusukulu masamu ankawazunguza mutu, koma mapu ndiye ankawakonda koopsa. Amati pakhoma la kalasi yawo panali mapu a dziko lonse, ong'ambika ngodya imodzi, ndipo iwo ankapempha okha ntchito yosesa kuti anzawo akaweruka atsale n'kumayendetsa chala pamwamba pa nyanja zikuluzikulu. Sukuluyo sanapite nayo patali. Bambo awo atayamba kudwaladwala, iwo monga mwana woyamba analowa ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba za anthu. Pambuyo pake anakwatiwa ndi mnyamata wowotcherera zitsulo, munthu wosayankhulayankhula, wa zipsera za moto m'manja monse. Ndi iyeyo amene anawagulira belo loyamba n'kuwakhomera benchi pafupi ndi langa.

Khobidi loyamba likupezeka ine ndinalipo. Linali m'khoti lalitali laubweya, la mtundu uja ogula amangolikweza m'mwamba n'kuseka, kufunsa ngati ndi chovala kapena bulangete. Mayi Pisapisa anapisa, n'kutulutsa kanthu koyera, kobooka pakati.

"Ansapato, tabwerani mudzaone batani ili!"

"Batani la bowo limodzi munaliona kuti inu?" ndinatero.

Tinakatembenuzatembenuza. Panali chisoti chachifumu, timitima ting'onoting'ono, ndi nambala.

"Iyi ndi ndalama, anzanga," anatero monong'ona, maso ali tong'o.

"Ndalama yobooka? Ndiye kuti kumeneko zinthu zinafika povuta, mpaka ndalama kufumbwa ngati nyemba."

Ine ndinaseka n'kubwerera kunsapato zanga, koma iwo sanaseke. Tsiku limenelo anazungulira msika wonse akufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Wamatimati samadziwa, wokonza mawotchi samadziwa. Amene anawamasulira anali kasitomala wina wachikulire, wopuma ntchito kupositi, munthu woti moyo wake wonse wakhala akuwerenga masitampa a mayiko akutali. Anavala magalasi nati ndalamayo ndi ya ku Denimaki, dzina lake korona, ndipo korona imodzi imagawika timagawo handiredi totchedwa ore.

"Monga mmene ndalama yathuyi ilili ndi timakobidi take," anafotokoza mkuluyo.

"Ndiye mukuti ndalama iliyonse ili ndi ana ake?"

"Mukhoza kutero, mayi."

"Dziko lililonse? Aliyense ndi dzina lake?"

"Pafupifupi lililonse."

Mayi Pisapisa anaomba m'manja kamodzi, n'kukhala pansi pamulu wa majekete ngati munthu amene wauzidwa kuti ali ndi abale kutsidya kwa nyanja. Matenda awo anayambira pamenepo, ndipo mpaka lero sanachire.

Ndalama yapepala sankaiwerengera. Akaipeza, ankakasinthitsa n'kugula sopo, nkhani n'kuthera pomwepo. Mtima wawo unali pa timakobidi tija anthu akunja amaiwala m'matumba chifukwa sitingagule kanthu: tofiirira, topyapyala, tina tating'ono ngati chikhadabo. Ankatitsuka ndi mswachi wakale, kutipukuta ndi kansalu, n'kutiika m'chitini cha mkaka. Mwana wawo wamkazi atayamba ntchito ya unamwino n'kugula foni yamakono, zinthu zinafika pena. Mtsikanayo akangofika kudzacheza, asanavule n'komwe nsapato, foni ili kale m'manja mwa mayi ake, khobidi kutsogolo kwa kamera.

M'mawa mwake uthenga wonse unkatsikira pa ine.

"Ansapato, mukudziwa kuti dola ili ndi ana handiredi, masenti? Paundi nayo handiredi, mapeni. Koma paundiyo kale inali ndi ana thu handiredi fote! Anangoona kuti banja lakula, n'kuyamba kulera."

"Inu, ndikugulitsa malonda pano."

"Dikirani! Dinali ya ku Kuweti, ana sauzande. Sauzande, anzanga! Ntchembere imeneyo imawadziwa bwanji mayina? Pomwe ya ku Madagasika ili ndi asanu okha, banja la anthu ophunzira. Ndipo taonani awa a ku Amereka, teni senti ndi wamfupi kuposa faifi senti. Mkulu kuchepa thupi, mng'ono wake chimunthu. Si mmene zilili kwanu zija, inu ndi mng'ono wanu?"

Makasitomala anga ena ankaiwala kuyesa nsapato yachiwiri, kumangomvetsera phazi limodzi lili pabwalo.

Kunyumba kwawo ndiye kunachitika zoti mpaka pano tikazikumbuka timagwira nthiti. Mvula itayandikira, amuna awo anakwera padenga kukakonza malata odontha. Ntchito ili pakati, mawashala anawathera, tizitsulo tobooka tija amaika kumutu kwa msomali kuti madzi asalowe. Atatsika kukafufuza m'nyumba, anaona botolo pamwamba pa kabati, lodzaza timakobidi tobooka tokhatokha, ta ku Denimaki, ta ku Nolowe, ta ku Japani, timene mkazi wawo anatipatula padera. Munthu wa zitsulo akaona chitsulo chobooka, mutu wake umangoganiza chimodzi.

Tsiku limenelo ndinaperekeza Mayi Pisapisa poweruka, chifukwa ankati akandionetse khobidi la makona seveni. Tikukhota pakanjira ka kunyumba kwawo, dzuwa lamadzulo linawomba padenga, ndipo denga lonse linali waliwali m'mizeremizere.

"Koma bambo ake agula misomali yokongola," anatero akumwetulira.

Tinayandikira. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Kenako ndinangoona chikwama chili pansi, nsalu yamangidwa m'chiuno, mayi wa zidzukulu ali pamakwerero ngati mnyamata wokonza magetsi.

"Bambo ake! Mwakhomera ana anga padenga?"

"Ana ati?" anafunsa amuna awo, misomali ili kukamwa.

"Uyu ndi faifi yeni! Uyu ndi korona! Anthuwa awoloka nyanja m'thumba la khoti, osanyowa, kuti adzanyowere padenga panu?"

"Komatu akugwira bwino kuposa ogula kusitolo."

Mawu amenewo ndi amene anawonjezera moto. Anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba, ena ndi zipande m'manja, kudzaonerera banja likukambirana pamwamba pa malata. Mapeto ake bamboyo anazula misomali yonse umodziumodzi, mkazi wawo akulandira timakobidi m'chikhatho n'kumatiuzira ngati tapsa. Tina tinapindika, tina mabowo anakula. Kwa masiku angapo m'nyumbamo munalibe kuyankhulana, chakudya chinkangoikidwa patebulo, gwa.

Bambo aja kupepesa ndi pakamwa sadziwa. Anapepesa ndi manja. M'mawa wina tikuyala malonda tinamva phokoso la mateyala pamiyala, anthu akupatuka. Anali iwo, thukuta lili kamukamu, akukankha kabati yachitsulo ya mateyala anayi, yopaka utoto wobiriwira, pamwamba pali galasi, m'kati muli tizipinda tambirimbiri toyala nsalu yofiira. Anaiimika pambali pa benchi la mkazi wawo, n'kupereka kiyi.

"Ana anuwo azigona umu," anatero, n'kutembenuka kubwerera kuntchito.

Mayi Pisapisa analulutira mpaka wogulitsa nkhuku kumapeto kwa mzere anadzidzimuka. Anathamangira amuna awo n'kuwakumbatira pakati pa msika, bamboyo manyazi ali khomakhoma, akungoyang'ana kumwamba.

Kabatiyo inasintha mzere wathu. Chipinda chilichonse chinali banja, ndipo mwini wake ankaima pambali ndi kandodo, kufotokozera aliyense woima, wofuna ndi wosafuna yemwe. Koma chimene chinakoka chikhamu ndi yeni imodzi ya ku Japani, kakhobidi kopepuka ngati tsamba. Mwana wawo anawauza kuti kamayandama pamadzi. Iwo anabwera ndi beseni la madzi, n'kuitana anthu ngati mlaliki.

"Bwerani mudzaone chitsulo chosamira! Kuonera n'kwaulere!"

Anthu anaunjikana. Wokonza njinga anati n'zabodza, chitsulo ndi chitsulo basi. Anayesa yekha, kakhobidi chubwi, mpaka pansi. Anthu kuseka. Mayi Pisapisa anakavuula, kukapukuta bwinobwino, kukaika pansonga ya chala n'kutsitsa dzanja mwakachetechete.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene," anatero osayang'ana munthu.

Anachotsa chala. Kakhobidi kanatsala pamwamba pa madzi, kakuzungulira pang'onopang'ono. Msika unaphulika! Ena kulumpha, ena kuthamanga kukaitana anzawo, mayi wina kuyamba pemphero poganiza kuti pali zamatsenga. Tsiku limenelo majekete anatha pabenchi, ndipo nanenso ndinagulitsa nsapato zimene zinakhala chaka osafunsidwa mtengo.

Mbiri itafala, timakobidi tinasiya kudalira mabelo okha. Oyendetsa mathiraki ankaima panja pa msika, kulowa ndi fumbi lawo, n'kukhuthula m'matumba. Wina anabweretsa thebe ya ku Botswana, nati dzinalo limatanthauza chishango, ndipo mayi wake ndi pula, kutanthauza mvula. Mayi Pisapisa anakhala sabata yonse akuuza aliyense kuti kuli dziko kumene mvula inabereka zishango. Anamwino anzake a mwana wawo obwera kumaphunziro kunja, amalonda, ngakhale m'busa wina, onse ankabwera ndi kenakake kokulunga m'pepala. Iwo ankalandira ndi manja awiri, ati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndiye tsiku lina kunabwera mayi wina wodzagulira mwamuna wake jekete. Anayang'ana m'kabati nthawi yaitali, kuchokera ngodya iyi mpaka iyo, kenako anafunsa mwaulemu.

"Zokongola kwambiri, mayi. Nanga athu ali chipinda chiti?"

Kandodo kanaima m'malere. Mayi Pisapisa anayang'ana m'kabati, anayang'ana ine. Zoonadi, munali ana a dziko lonse, koma kakhobidi kathu kakang'ono kwambiri, kofiirira kaja tinkagulira switi tili ana, munalibe. Kanasiya kuyenda kalekale mitengo ya zinthu itakwera, ndipo palibe amene anazindikira tsiku limene kanasowa.

"Ansapato," anatero, "ndalera ana a eni, wanga ali kuti sindikudziwa. Tsekani benchi."

"Nditseke benchi chifukwa cha khobidi losagula ngakhale machesi?"

"Tsekani!"

Ndinatseka. Tinayamba ndi amasitolo akale, iwo anati anataya. Kubanki mtsikana wa pakauntala anatiyang'ana ngati tikufunsa za nyama ya m'nthano, ati anabadwa katasiya kale. Tinafufuza m'madirowa a makina osokera, m'zitini za mabatani, m'matumba a masuti a amuna anga amene anasiya kuwakwana. Msika wonse unalowa m'gulu losaka. Tsiku lililonse wina ankabwera akuthamanga, "Ndakapeza!" koma tikayang'ana, kamakhala kotsatira kake, kokulirapo pang'ono. Timeneto tinapeza tambiri. Kachitsiriza kenikeniko ndiye kanalowa pansi.

Amene anabweretsa nkhani yabwino anali wokonza njinga uja. Anati kudepoti ya mabasi kuli mkulu wina woimba gitala, ndipo chimene amakhwatchira nsambo zake ndi kakhobidi kofiirira.

Sitinadikire. Mayi Pisapisa anakankha kabati yonse kutuluka nayo mumsika, ine pambuyo nditanyamula jekete yachikopa, yabwino kuposa zonse za m'belo la sabata imeneyo. Anthu otitsatira anali ngati akuperekeza mkwati. Tinamupeza mkuluyo atakhala pakreti pansi pa chikwangwani, wamtali, wa imvi m'ndevu, gitala yake yomatidwamatidwa ndi tepi. Atamaliza nyimbo, Mayi Pisapisa anagwada pambali pake.

"Bambo, ndione nawo chimene chili m'zala zanucho."

Anatambasula dzanja. Kanali komweko, kakutha mbali imodzi chifukwa cha nsambo, koma chithunzi ndi nambala zikuoneka bwinobwino. Mayi Pisapisa anagwira pamtima.

"Ndigulitseni."

"Ayi, mayi. Aka ndi gitalayi anazolowerana. Ndayesa mapulasitiki awo a kusitolo, amalira ngati mwana wa chimfine."

"Jekete iyi ndi yanu."

Mkuluyo anaisisita jekete ija, maso akuwala, koma anapukusa mutu. "Jekete siimba, mayi."

Ine ndinati basi zakanika, tiyeni tizipita. Koma anzangawo anaimirira, kutulutsa kiyi, n'kutsegula galasi la kabati, chinthu chimene sankachitira munthu aliyense.

"Muli dziko lonse umu. Yesani mmodzimmodzi. Amene gitala yanu imukonde, mutenge."

Ndiye munayamba mwaonapo gitala ikusankha mkazi? Mkuluyo anatenga yeni yoyandama ija, kukhwatcha kamodzi, nati yapepuka, ilibe ulemu. Anatenga peni yaikulu ya ku Mangalande, nsambo zinalira mokalipa, anthu n'kukuwa kuti ayi, ameneyo ndi wankhanza. Wa makona seveni anakola nsambo, pang'onong'ono kuidula. Makondakitala anasiya kuitanira mabasi, apaulendo anatsika ndi zikwama zawo kudzaweruza nawo. Khobidi lililonse likayesedwa, Mayi Pisapisa ankalengeza dzina lake, la mayi wake ndi dziko lake mokweza, khamu n'kuyankha "Ayi!" kapena "Ayesenso!"

Kenako mkuluyo anatola kakhobidi kofiirira ka masenti awiri a yuro ya ku Ulaya, kokhala ndi kamzere kozungulira m'mphepete. Anakagwira, kanakhazikika bwino m'zala. Anakhwatcha kamodzi, kawiri, n'kutseka maso. Nyimbo inatuluka yoyera ngati madzi a pampopi, ndipo depoti yonse inayamba kuvina, ine ndemwe, ndi mawondo angawa.

Atamaliza anaika kakhobidi kathu kaja m'chikhatho cha Mayi Pisapisa, n'kuwapinditsa zala.

"Kasungeni bwino. Kandidyetsa zaka zambiri."

"Jeketenso tengani," anatero iwo misozi ikutsika. Mkuluyo anaivala pomwepo, dzuwa lili pamutu, n'kuyambanso nyimbo ina.

Chaka chathachi ana awo anasonkherana kuti awachitire chinthu chosangalatsa, nawafunsa chimene akufuna. Ankayembekeza kuti anena firiji kapena sofa. Iwo anati pasipoti. Munthu wodziwa ndalama za mayiko onsewo anali asanapondepo kunja kwa dziko lake. Anakwera basi ndi amayi ena okaoda katundu kudziko loyandikana nalo, ine n'kutsala ndikuyang'anira mabenchi awiri, amuna awo akubwera masana aliwonse kudzapukuta galasi la kabati.

Tsiku lotsatira, ndili pakati pokambirana mtengo ndi kasitomala, foni inalira. Ndisananene n'komwe kuti halo, khutu langa linatsala pang'ono kuthetheka.

"Ansapato! Andipatsa chenji!"

"Mwafika bwino? Miyendo sinatupe?"

"Siyani za miyendo! Ndagula botolo la madzi, ndapereka yapepala, mtsikana wake wandipatsa timakobidi titatu m'manja mwangamu. Totentha, anzanga, tochokera m'manja mwa munthu! Ndamufunsa mayina ake, akungoseka. Pano ndikulowa sitolo yachiwiri, ndikagule switi imodzi."

"Nanga katundu amene mwapitira?"

"Katundu sathawa. Auzeni bambo ake awotcherere kabati ina, yokulirapo!"

Foni inaduka. Ndinawauza bambowo uthenga wawo. Anakanda m'mutu, natulutsa tepi m'thumba, n'kuyamba kuyeza mpata umene unatsala pakati pa benchi la mkazi wawo ndi langa.